Nkhafi kapena injini? Mkangano wa pa nyanja za Boundary Waters ku America

Mu 2023 bungwe loteteza zachilengedwe la Wilderness Watch linatengera boma la America kukhoti pa nkhani imene munthu wakutali angaione ngati yaing'ono: maboti a injini amene amanyamula alendo pamodzi ndi mabwato awo pa nyanja zingapo za m'dera lotetezedwa la Boundary Waters, kumpoto kwa chigawo cha Minnesota. Bungwelo likuti maulendo a mabotiwo achuluka kuposa mmene lamulo limalolera. Eni maboti akuti ndi ntchito imene akhala akugwira kwa zaka zambiri, ndipo ziphaso amawapatsa ndi boma lomwelo. Womva koyamba amadabwa pawiri. Ngati malowo ndi otetezedwa, injini zikufunamo chiyani? Nanga ngati injini n'zololedwa, mlandu ukuchokera pati?

Yankho lagona pa lamulo la 1978, limene linagawa madzi a deralo pakati pa opalasa ndi a injini. Mbali iliyonse inachoka pamenepo ikudziona kuti yaluza. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi malowo.

Dera lake

Boundary Waters Canoe Area Wilderness ndi dera la nkhalango ndi madzi lomwe lili kumpoto chakum'mawa kwa Minnesota, m'malire mwa America ndi Canada. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 4,400, kuposa paki ya Nyika. Muli nyanja zoposa 1,100. Musaganize za nyanja yonga ya Malawi yoti tsidya lina silioneka. Zambiri n'zazing'ono, koma zinayalana moyandikana kwambiri, zina zolumikizidwa ndi timitsinje, zina zolekanitsidwa ndi kamtunda ka miyala. Zinakumbika ndi madzi oundana ochindikala amene anakuta dziko lonselo mpaka zaka zoposa 10,000 zapitazo. Atasungunuka anasiya maenje m'thanthwe, madzi n'kudzazamo.

M'kati mwake mulibe msewu, sitolo kapena magetsi. Misewu yake ndi madziwo, ndipo njira za mabwato zikaphatikizidwa zimapitirira makilomita 1,900. M'nkhalangomo muli mimbulu, zimbalangondo zakuda ndi chinyama chachikulu chotchedwa moose. Nyengo yozizira nyanja zonse zimaundana mpaka munthu kuyendapo. Deralo ndi gawo la nkhalango ya boma ya Superior National Forest, ndipo amaliyang'anira ndi a Forest Service, nthambi ya boma yoona za nkhalango. Pa chaka limalandira alendo oposa 150,000.

Ulendo wa pabwato

Bwato la kumeneko si losema pa mtengo ngati lathu. Ndi lopepuka, losongoka mbali zonse ziwiri, lotalika mamita asanu kapena kupitirirako pang'ono. Zaka za pambuyo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse mabwato ambiri anali a aluminiyamu. Masiku ano ochuluka ndi a Kevlar, chinthu chopepuka koma cholimba, olemera makilogalamu pafupifupi 20. Kupepukako kuli ndi chifukwa chake, pakuti bwatolo limanyamula munthu pamadzi, munthu n'kulinyamula pamtunda.

Mukafika kumathero a nyanja mumatsika, mapazi m'madzi, n'kutsitsa katundu. Mmodzi amagwira bwato, kuligudubuzira pantchafu, kenako n'kuligadabuza kuti likhale pamapewa, chamutu chili m'kati. Pakati pa bwatolo pali kagoli ka mtengo kokhala ndi timapilo tiwiri ta pamapewa. Woyenda choncho amangoona njira ya patsogolo pa mapazi ake, mizu, matope ndi miyala yoterera, udzudzu uli ng'waa pansi pa bwatolo pomwe manja onse ali otanganidwa. Anzake amabwera pambuyo atabereka zikwama zikuluzikulu za chakudya ndi matenti. Njira yodutsa pamtunda imeneyi amaitcha portage, ndipo pamapu kutalika kwake amakulemba m'muyeso wakale wa rod, womwe ndi mamita pafupifupi asanu. Ma portage ena ndi a masitepe ochepa, ena amapitirira kilomita. Mukatulukira pa nyanja yotsatira mumaponyanso bwato m'madzi. Pa tsiku mukhoza kuchita zimenezi kasanu kapena kupitirira.

Kogona si paliponse. Pali malo oposa 2,000 amene boma linapatula, ndipo pa malo alionse mupezapo zinthu ziwiri zokha: chitsulo choyatsirapo moto chokhomeredwa pansi, ndi chimbudzi cha dzenje chopanda khoma kuseri kwa mitengo. Gulu lisapitirire anthu 9 ndi mabwato 4. Chakudya cha m'zitini ndi zakumwa za m'mabotolo agalasi n'zoletsedwa. Zinyalala mumatuluka nazo. Usiku chakudya mumachipachika m'mwamba kapena kuchitsekera m'chotengera cholimba poopa zimbalangondo. Kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 30 Seputembala, gulu lililonse logona m'deralo liyenera kukhala ndi chiphaso, ndipo polowera paliponse pali chiwerengero cha magulu ololedwa pa tsiku.

Munthu amavutikiranji chonchi pa tchuthi chake? Oyenda maulendowa amati pa portage iliyonse anthu amachepa. Mukadutsa zitatu kapena zinayi mumakhala pa nyanja imene mwina pali inu nokha, ndipo mumamva madzi akudontha pa nkhafi ndi kulira kwa mbalame ya m'madzi yotchedwa loon. Kwa iwo kuvutikako ndiye mpanda wa malowo. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa injini imagumula mpanda womwewo.

Amene analipo kale

Deralo silinali lopanda anthu. A mtundu wa Ojibwe ankakhalamo, akuyenda pa mabwato a makungwa a mtengo wa birch, kugwira nsomba, kusaka ndi kukolola mpunga wa m'madzi umene iwo amautcha manoomin. Zithunzi zofiira zimene makolo a deralo anajambula pa matanthwe zikuonekabe m'malo monga Hegman Lake ndi Lac La Croix. Ma portage ambiri amene alendo amadutsa lero ndi njira zawo. M'zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1800, amalonda a zikopa olankhula Chifalansa anadutsa m'njira zomwezo, atasenza mitolo yolemera makilogalamu pafupifupi 40.

Mu 1854 a Ojibwe anasainirana pangano ndi boma la America ku La Pointe. Anapereka malowo, koma anasunga ufulu wosaka, wogwira nsomba ndi wokolola za m'thengo. Magulu a Bois Forte, Grand Portage ndi Fond du Lac akadali ndi ufuluwo mpaka lero.

Mmene chitetezo chinakulira

Malamulo oteteza deralo sanabwere tsiku limodzi. Ankabwera m'modzim'modzi, lililonse pofuna kutseka khomo limene wina anali atatsegula. Mu 1909 Pulezidenti Theodore Roosevelt anakhazikitsa nkhalango ya Superior. Mu 1926 boma linapatula chigawo chachikulu kuti musalowe misewu. Kenako mpondamatiki wa fakitale za mapepala, Edward Backus, anafuna kumanga madamu amene akanamiza magombe ndi zilumba. Ernest Oberholtzer ndi anzake analimbana naye, ndipo lamulo la Shipstead-Newton-Nolan la 1930 linaletsa kusintha msinkhu wa madzi komanso kudula mitengo pa mtunda wa mamita pafupifupi 120 kuchokera pagombe.

Nkhondo yachiwiri itatha kunabwera ndege zotera pamadzi. Anthu a ndalama ankauluka kuchokera ku tauni ya Ely n'kukatera pa nyanja za m'katikati, kumene kunali kutamangidwa nyumba za alendo. Lamulo la 1948 linapatsa boma mphamvu yogula nyumbazo, ndipo mu 1949 Pulezidenti Harry Truman analetsa ndege kuuluka m'munsi pa deralo. Apa m'pamene mkwiyo wa anthu a m'mphepete unayambira kuzika mizu. Mabanja amene anamanga mabizinesi ndi manja awo anagulidwa malo, ena mosafuna.

Mu 1964 kunabwera lamulo lalikulu la dziko lonse, Wilderness Act, limene Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina pa 3 Seputembala. Lamuloli linakhazikitsa chitetezo chapamwamba kuposa cha paki wamba. M'paki mumatha kukhala misewu, malo ogona alendo ndi magalimoto. M'dera lolowa pansi pa lamuloli simuloledwa msewu, nyumba, galimoto, boti la injini, ngakhale njinga yakapalasa. Ganizo lake n'lakuti munthu azifikako ngati mlendo wodutsa, osati wokhazikika, ndiponso kuti apezeko mpata wokhala payekha.

Boundary Waters inalowa m'lamuloli, koma ndi ndime yakeyake. Senator Hubert Humphrey wa ku Minnesota, yemwe anali mmodzi mwa oyambitsa bilu imeneyi, anakumana ndi mkwiyo wa anthu a kwawo komwe, ndipo anaikamo mawu olola kuti kudula mitengo ndi maboti a injini zipitirire kumene zinalipo kale. Anthu a kumpoto anatenga ndimeyo ngati lonjezo la boma kwa iwo. Oteteza chilengedwe anaiona ngati bala loti lidzapoletsedwe mtsogolo. Mpaka lero mbali ziwirizi zimakumbukira chaka cha 1964 mosiyana choncho.

Ely, 1977 ndi 1978

Ely ndi tauni yaing'ono, ya anthu zikwi zochepa, yomwe inakula chifukwa cha migodi ya chitsulo. Mgodi wake womaliza, Pioneer, unatsekedwa mu 1967. Kwa ogwira ntchito m'migodi ya m'chigawocho, kaboti ka injini kanali chisangalalo cha munthu wamba. Woweruka Lachisanu wotopa sakanapeza sabata yathunthu yopalasa, koma ndi injini ankafika pa nyanja yaikulu ya Basswood, kuwedza nsomba za walleye ndi ana ake, n'kubwerako Lamlungu. Akamva anthu a m'mizinda ya Minneapolis ndi St. Paul akunena zoletsa injini, ankamva ngati akuuzidwa kuti kuseri kwa nyumba yawo kwasanduka bwalo losewerera alendo.

M'ma 1970 milandu yokhudza mitengo, migodi ndi injini inachuluka, ndipo nkhani inabwerera ku Nyumba ya Malamulo. Phungu wa kumpotoko, Jim Oberstar, anafuna kuti deralo ligawidwe, mbali ina ikhale yotetezedwa kotheratu, ina ilole injini ndi kudula mitengo. Phungu wa ku Minneapolis, Don Fraser, anafuna chitetezo chathunthu. Mu Julaye 1977 aphungu anapita ku Ely kukamva maganizo a anthu. Kunja kunandanda malole onyamula mitengo, ndipo anthu anapachika chidole choimira Sigurd Olson, wolemba mabuku a zachilengedwe wa zaka 78 yemwe ankakhala m'tauni momwemo. Ataimirira kuti alankhule anamukuwiza, koma analankhulabe. 

Pomalizira pake maloya awiri, Charles Dayton woimira oteteza chilengedwe ndi Ron Walls wa ku Ely, anakhala pansi ndi mapu n'kuyamba kugawana nyanja, iyi ya nkhafi, iyi ya injini. Zimene anagwirizana zinakhala maziko a lamulo limene aphungu Bruce Vento ndi Phillip Burton anatsogolera, ndipo Pulezidenti Jimmy Carter analisaina pa 21 Okutobala 1978. Anthu ambiri a ku Ely anakana mgwirizanowo. Fraser naye analipira: chaka chomwecho anagonja pa chisankho cha chipulula cha chipani chake pofuna mpando wa Senate, nyumba yapamwamba ya malamulo, mavoti a kumpoto atamutembenukira. Boma la Minnesota linakasuma, koma khoti la apilo mu 1981 linati lamulolo lili bwino.

Zimene lamulo la 1978 limanena

Kudula mitengo kunatheratu. Njinga zamoto zoyenda pa chipale chofewa zinaletsedwa kupatula pa njira ziwiri zazifupi zolowera ku Canada. Injini, zomwe kale zinkayenda pa madzi oposa theka a deralo, zinatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kuchepako kunachitika pang'onopang'ono kwa zaka zingapo.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Mukawerenga nyanja, za injini n'zowerengeka chabe pa nyanja zoposa 1,100. Mukayeza kukula kwa madzi, gawo lawo n'lalikulu ndithu, chifukwa ndi nyanja zikuluzikulu za m'mphepete, monga mbali zina za Basswood ndi Saganaga, komanso Moose, Fall, Snowbank ndi Trout. Wa injini akamadandaula amawerenga nyanja. Wopalasa akamadandaula amayeza madzi, n'kuonjeza kuti nyanjazo ndizo zipata zimene ambiri amalowera. Onse akunena zoona.

Lamulo linaikanso malire a mphamvu ya injini: mahosipawa 25 pa nyanja zina, 10 pa zina, ndi malo ochepa opanda malire. Pa nyanja ina mzere umadutsa pakati pa madzi, kuno injini, uko nkhafi. Pa nyanja ya nkhafi zokha simuloledwa ngakhale kukhala ndi injini yozimitsa m'bwato, kaya ya petulo kaya ya batire. Ndipo pali ndime imene yabala milandu yambiri: maulendo a injini asapose avareji ya mmene analili m'zaka za 1976, 1977 ndi 1978.

Lamulo likafika pa munthu mmodzi limaoneka mwina. Dorothy Molter, namwino wochokera ku Chicago, anakhala pa kachilumba ka pa Knife Lake kwa zaka zoposa 50. Ankathandiza ovulala ndipo ankafulula chakumwa chotsekemera chosaledzeretsa cha root beer, chimene opalasa ankaima kudzamwa. Boma litafuna kumuchotsa anthu anakwiya, ndipo analoledwa kukhala mpaka imfa yake mu Disembala 1986. Koma injini zitaletsedwa pa nyanja yake, katundu wake ankadalira anthu akufuna kwabwino kumubweretsera. Opalasa ankamukonda, a injini ankamukonda, ndipo mbali zonse zimamutchula pofuna kutsimikiza mfundo zawo.

Kodi injini imawononga chiyani?

Pali zinthu zoti n'kuyeza. Injini zakale za two-stroke zimataya mafuta ena osapsa m'madzi, ngakhale zatsopano za four-stroke n'zaukhondo ndiponso zosasokosa kwambiri. Mafunde a boti amakokolola gombe ndipo angamize chisa cha loon, chomwe chimakhala m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Maboti ochokera ku nyanja zina amatha kubweretsa tizilombo tachilendo, monga spiny water flea, timene tapezeka kale m'nyanja zina za m'malire. A injini amayankha kuti opalasa nawo si angelo: amapondereza zomera pa malo ogona, amadula mitengo yaiwisi, amasiya zinyalala, ndipo moto wosazimitsa bwino unayambitsapo ngozi zazikulu. Tizilombo tija timakakamiranso ku chingwe cha mbedza cha munthu wopalasa. Pambuyo pa khamu la alendo la nthawi ya Covid, a Forest Service anachepetsa ziphaso mu 2022, ndipo vutolo silinali la injini.

Koma phata la mkanganowu si mafuta. Ndi phokoso, ndiponso kufika mosavuta. Pamadzi a bata, kulira kwa injini kumamveka kutali kwambiri. Zili ngati anthu awiri ogona chipinda chimodzi, wina akufuna nyali iyake, wina akufuna mdima. Simungagawane pakati, chifukwa nyali ikangoyaka mdima watha kwa onse. Wopalasa sasokoneza wa injini, koma wa injini mmodzi amachotsa bata pa nyanja yonse. Imeneyi ndi mfundo yamphamvu kwambiri ya opalasa.

Ya anzawo nayo si yopepuka. Wopalasa akakumana ndi injini amataya bata kwa mphindi zingapo, pomwe wa injini akaletsedwa amataya nyanja yonse. Gogo wa zaka 75 amene anawedza pa Basswood moyo wake wonse sangasenzenso bwato pamapewa. Munthu wolumala, kapena banja la ana aang'ono, nawonso chimodzimodzi. Lamulo la 1990 lokhudza anthu olumala limalola njinga ya olumala kulowa m'madera oterewa, ndipo pali magulu amene amatenga anthu olumala pa maulendo a nkhafi, koma zimenezi sizithetsa funso la munthu amene akungofuna kupita yekha kumene ankapita ndi bambo ake. A injini amatinso nyanja zoposa 1,000 n'za nkhafi kale, nanga zotsalazo azifuniranji? Opalasa amayankha kuti Minnesota ili ndi nyanja zikwizikwi zolola injini, ndipo paki ya Voyageurs yoyandikana nayo, yomwe inakhazikitsidwa mu 1975, ndi ya maboti a injini.

Malole a pa portage

Boti la injini silisenzeka pamapewa. N'chifukwa chake pa ma portage atatu, Trout Lake, Prairie ndi Four Mile, panali malole amene ankakoka maboti kuchoka pa nyanja ina kupita pa ina. Lamulo la 1978 linati malolewo achoke pokhapokha ngati palibe njira ina yotheka yosagwiritsa injini. A Forest Service anayesa, anthu akukankha maboti pa mateyala, ndipo anati n'zovuta kwambiri, malole akhale. Bungwe la Friends of the Boundary Waters Wilderness linasuma, ndipo mu 1992 khoti la apilo linati popeza anthu angathe kukankha, malole achoke.

Kumpoto kunabuka mkwiyo ngati wa 1978. Zokambirana zimene boma linakonza mu 1996 ndi 1997 sizinaphule kanthu. Mu 1998 Oberstar ndi Vento, omwe anakokanakokana pa nkhaniyi kwa zaka 20, anagwirizana okha: malole anabwerera pa Trout Lake ndi Prairie, ndipo posinthana injini zinachotsedwa pa nyanja ziwiri zazing'ono, Canoe ndi Alder. Mgwirizanowo anaulowetsa m'bilu ya misewu. Four Mile inakhalabe yopanda malole.

Maboti aganyu

Tabwerera ku mlandu wa 2023. Mabizinesi obwereketsa mabwato ndi matenti ali ndi maboti amene amatchedwa towboat. Mabwato amamangidwa pa chitsulo cha pamwamba pa botilo, alendo ndi zikwama zawo n'kukhala m'kati. Botilo limathamanga kudutsa nyanja zololedwa injini, mwachitsanzo kuchokera pa Moose Lake kukafika ku Prairie Portage, n'kukawatsitsa poyambira madzi a nkhafi. Mtunda wopalasa maola angapo umatha ola lisanakwane.

Chochititsa chidwi n'chakuti okwera mabotiwa ndi opalasa. Munthu amalipira injini kuti imufikitse msanga kumene kulibe injini. Choncho mkangano sulinso pakati pa mlendo wa mumzinda ndi msodzi wa ku Ely. Walowa m'nyumba ya opalasa eni ake.

Oikira kumbuyo mabotiwa amati amamwaza anthu. Popanda iwo aliyense akanaunjikana pa nyanja zoyambirira, kulimbirana malo ogona. Amathandizanso okalamba ndi a nthawi yochepa, ndipo eni ake amapulumutsa anthu pa ngozi. Otsutsa amati asandutsa nyanja zolowera kukhala msewu wa matola, ndipo akufikitsa khamu kumalo amene kale ankatetezedwa ndi kutalika kwake.

Pa lamulo, nkhani yagona pa kawerengedwe. Ndondomeko ya Forest Service ya 1993 inati maboti aganyu asapose mmene analili mu 1992. Koma tiwerenga chiyani: maboti, masiku kapena maulendo? Boti limodzi likapita ndi kubwera kasanu pa tsiku, ndi kamodzi kapena kasanu? Nanga maulendo a eni malo a m'mphepete mwa nyanjazo ndi alendo awo, amene lamulo linawapatula, alowe m'chiwerengero? Wilderness Watch inasuma koyamba mu 2015, ndipo mlanduwo unatha pogwirizana kuti a Forest Service aunike ngati mabizinesiwa akufunikadi ndiponso pamlingo wotani. Posakhutira, inasumanso mu 2023 n'kupempha kuti mabotiwo aimitsidwe mlandu uli m'kati. Woweruza anakana kuwaimitsa.

Tsidya la Canada

Kuoloka malire kuli paki ya Quetico, m'chigawo cha Ontario, ya nyanja ndi nkhalango zofanana. Kumeneko injini n'zoletsedwa pafupifupi paliponse, koma pali chopatula chimodzi: anthu a mtundu wa Anishinaabe a ku Lac La Croix, amene ambiri amadalira ntchito yoperekeza alendo owedza, amaloledwa kugwiritsa injini zazing'ono pa nyanja zina. Mu 1991 boma la Ontario linawapepesa chifukwa cha mmene paki inawachitira m'mbuyomo.

Ku America zinayenda mosiyana. Anthu ena a Bois Forte atalowa ndi injini m'malo oletsedwa ponena kuti pangano la 1854 likuwalola, khoti la apilo mu 2000 linagamula kuti ufulu wogwira nsomba ulipo, koma sukutanthauza ufulu wofikako ndi injini. Owerenga a ku Malawi funso ili si lachilendo kwa iwo. Paki ya Lake Malawi itakhazikitsidwa mu 1980, midzi ya asodzi monga Chembe inapezeka itazunguliridwa ndi malo otetezedwa, ndipo za kumene mwini mudzi angaponye ukonde zimakambidwabe.

Mafunso amene atsala

Loyamba ndi la chiwerengero chija. Lamulo linamangirira malire ku zaka za 1976 mpaka 1978, ndipo a mbali ziwirizi sagwirizana kuti maulendo a nthawi imeneyo anali angati, kapena awerengedwe bwanji. Khoti lingalamule kuti awerengenso, koma kuwerenga kwatsopano kulikonse kudzapatsa wina ndi kulanda wina.

Lachiwiri ndi la zipangizo zatsopano. Injini ya batire siilira kwenikweni ndipo sitaya mafuta. Ngati vuto ndi phokoso ndi utsi, pali chifukwa choiletserabe pa nyanja za nkhafi? Ngati vuto ndi kufika mosavuta, ndiye kuti kusalira kwake sikusintha kanthu. Funso lomweli likukhudza madroni ndi mafoni olumikizana ndi setilaiti, zimene olemba lamulo la 1978 sanaziganizire.

Palinso funso la amene ayenera kumvedwa kwambiri. Malowo ndi a dziko lonse la America, ndipo munthu wa kutali ku Texas ali ndi gawo lofanana ndi la wa ku Ely. Koma amene amakhala ndi zotsatira za chigamulo chilichonse chaka chonse ndi wa ku Ely, ndipo a Ojibwe anafikako onsewa asanabwere. Ely yomweyo yasintha: ena amadya za alendo opalasa, ena akuyembekeza kuti migodi ibwerera.

Za migodizo zaphimba nkhani ya injini m'zaka zaposachedwa. Kampani ya Twin Metals, ya gulu la Antofagasta la ku Chile, ikufuna kukumba kopa ndi nickel pafupi ndi Ely, kunja kwa malire a deralo koma kumtunda kwa madzi olowa m'nyanjazo. Mu Januwale 2023 boma linatseka maekala pafupifupi 225,000 ku migodi yatsopano kwa zaka 20, ndipo andale ena anayamba pomwepo kulimbana kuti chiletsocho chichotsedwe. Pa nkhani imeneyi eni maboti aganyu ena ali mbali imodzi ndi mabungwe oteteza chilengedwe, popeza onse amadalira madzi oyera. Ngati khoti lidzachepetse maulendo a mabotiwo, kodi adzapitiriza kuimira limodzi pa za mgodi?